Malembo Ofufutika pa Makina Owerengera Ndalama

Lero tikwera mapiri a Dowa ndi Ntchisi kuti tikasuzumire m'makabati a maofesi akale, m'madilowa a magolosale ndi m'masutikesi a akuluakulu amene anapuma pa ntchito. M'menemo mwagona timakina towerengera ndalama, tija masiku ano timangoti kakyuleta. Ena mwa makina amenewa akali amoyo ndithu, ndipo mutaikamo mabatire angayake monga kale. Chimene chinafa ndi malembo ake: manambala a pa mabatani anafufutika ndi zala, ndipo kachitsulo ka kumsana kotchula dzina la makinawo kanadyeka ndi dzimbiri kapena kanamatuka. Mwina mungafunse kuti kodi malembo a makina otha ntchito ali ndi phindu lanji kuti tiwatayire nthawi pa wailesi. Yankho lake ndi lakuti malembo amenewo ndiwo anali mboni pakati pa wogula ndi wogulitsa, ndipo kuti timvetse umboni wake tiyenera kuyamba ndi ndalama zimene makolo athu ankawerenga makinawo asanabwere.

Ndalama zovuta kuwerenga

Sukulu inafika msanga m'mapiri amenewa. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, anamanga pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, m'chaka cha 1889, ndipo m'chaka cha 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe. Ana amene anagwira sileti m'sukulu za mishoni zimenezi anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, koma anakumananso ndi masamu a ndalama za Angerezi, ndipo masamu amenewo anali ouma. Makobiri 12 ankapanga shileni imodzi, ndipo mashileni 20 ankapanga paundi imodzi. Pakati pake panali tiki, ndiye makobiri atatu, panali sikisi, ndiye makobiri 6, panali ndalama ya mashileni awiri, ndi ina ya mashileni awiri ndi sikisi. Akuluakulu akukumbukira kobiri wa nthawi ya Chitaganya, wobowoka pakati, amene ankatungidwa pa chingwe kuti asatayike.

Masamu amenewa anasanduka nkhani ya mudzi wonse pamene ulimi wogulitsa unakula. M'zaka za m'ma 1920 fodya wa chikopa anafala pakati pa alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa, ndipo m'chaka cha 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwo ndi misika yake. Bungwelo linasintha maina ndi kukula ntchito, kufikira m'chaka cha 1962 pamene linatchedwa Farmers Marketing Board, logula fodya, thonje, chimanga ndi mtedza, umene kuno ambiri amati nsawa.

Tiyeni tiyerekeze za mlimi amene watsika m'phiri ndi thumba la nsawa, ndipo sikelo yanena kuti ndi zolemera mapaundi 87. Tinene kuti mtengo ndi makobiri 5 pa paundi ya kulemera. Kalaliki achulukitse 87 ndi 5, apeze makobiri 435. Agawe ndi 12, apeze mashileni 36 ndi makobiri atatu otsala. Agawenso ndi 20, apeze paundi imodzi ndi mashileni 16, ndi makobiri atatu aja. Ndi masamu atatu pa thumba limodzi, pamene mzere wa anthu wafika kumsewu ndipo dzuwa lili pamutu. N'chifukwa chake makalaliki a masiku amenewo, m'masitolo ndi m'misika, ankadalira mabuku a masamu owerengeratu, m'mene munthu ankangotsata mzere ndi chala n'kupeza yankho. Koma bukulo linali m'manja mwa kalaliki, ndipo mlimi amene sanapite patali ndi sukulu ankalandira chimene wapatsidwa, n'kukawerengetsa kwa mwana wa sukulu madzulo, msika utatsekedwa kale.

M'maofesi akuluakulu ndi m'mabanki munali makina ophatikizira opukusa ndi mkono, a makampani monga Burroughs, Olivetti ndi Facit. Analibe magetsi, m'kati mwake munali mawilo a mano okhaokha. Makina opangidwira ndalama za Angerezi amadziwika ndi mabatani ake. Mzere wa makobiri unkafika pa 11, chifukwa kobiri wa nambala 12 ankasanduka shileni, ndipo mzere wa makumi a mashileni unali ndi batani limodzi lokha, chifukwa makumi awiri ankasanduka paundi. Mukapeza makina okhala ndi mabatani olembedwa 10 ndi 11 pa mzere wa kudzanja lamanja, dziwani kuti mwagwira chinthu chimene chinapangidwira ndalama zimene dziko lino linasiya m'chaka cha 1971.

Tsiku la kwacha ndi tambala

Pa 15 February, 1971, Malawi anasiya paundi nayamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala. Anansi athu anali atatsogola kale: South Africa anasintha mu 1961, Zambia mu 1968, ndi Rhodesia mu 1970. Paundi imodzi inasanduka K2, mashileni 10 anasanduka K1, shileni inasanduka 10 tambala, ndipo sikisi anasanduka 5 tambala. Boma linachita mwanzeru posunga zithunzi zozolowereka: chimanga chimene chinali pa shileni ya 1964 chinakhala pa 10 tambala, ndipo njovu za pa ndalama ya mashileni awiri zinakhala pa 20 tambala, kotero kuti agogo osadziwa kuwerenga anazizindikira ndi maso. Tiki anasowa mnzake, pakuti anali tambala ziwiri ndi theka, ndipo ndalama ya theka la tambala kunalibe.

Tibwerere kwa mlimi wathu uja. Tsopano mapaundi 87 pa mtengo wa 4 tambala ndi tambala 348, ndipo kuti mupeze makwacha mungoika kadontho: K3.48. Masamu atatu aja asanduka amodzi. Koma makina a mawilo opangidwira mashileni anataya ntchito tsiku lomwelo, pokhapokha mmisiri atawasintha m'kati ndi kutseka mabatani a 10 ndi 11. Chaka chomwecho cha 1971, bungwe la Farmers Marketing Board linalowedwa m'malo ndi ADMARC, kotero kuti alimi a ku Dowa ndi ku Ntchisi anaona ndalama zatsopano ndi dzina latsopano pa msika m'nyengo imodzi.

Makina a magetsi

Zinangochitika kuti chaka chimene ife tinasintha ndalama chinalinso chaka chimene makina owerengera anasinthiratu maonekedwe kunja kwa dziko lino. Makina oyamba a pa tebulo owerengera ndi magetsi okhaokha, opanda mawilo, anali ANITA, amene kampani ya Bell Punch ya ku Britain inaonetsa m'chaka cha 1961. Mu 1964 kampani ya Hayakawa ya ku Japan, imene pambuyo pake inatenga dzina lakuti Sharp, inatulutsa makina otchedwa CS-10A, olemera makilogalamu 25, a mtengo wofanana ndi wa galimoto. Makina otere ankafuna magetsi a m'nyumba ndi thumba lalikulu la ndalama, ndipo zonse ziwirizo zinali kutali ndi msika wa m'mapiri.

M'chaka cha 1971 kampani ya Busicom ya ku Japan inatulutsa LE-120A, makina olowa m'thumba la malaya. Kampani yomweyo ndiyo inapempha Intel ya ku America kuti ipange kachipangizo kamene kanatchedwa 4004, kamene ndi kholo la ubongo wa makompyuta ndi mafoni a lero. Mu 1972 Casio anatulutsa Casio Mini, ya manambala 6, pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo m'miyezi 10 anagulitsa makina okwana miliyoni imodzi. Facit ya ku Sweden, imene inalemera ndi makina a mawilo, inagwa m'zaka zomwezo nigulidwa ndi Electrolux. Makina oyambawo anali ndi manambala owala ofiira kapena obiriwira amene ankadya mabatire ngati ludzu la m'chilimwe. Pamene galasi lotuwa la manambala akuda linafala, ndipo pambuyo pake timagalasi totapa mphamvu ya dzuwa, makinawo anasanduka chida choyenera malo opanda magetsi. Apa m'pamene njira ya ku Mponela, Madisi, Malomo ndi Ntchisi Boma inatseguka.

Kumapiri kuno kunali anthu owafuna. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'malo a malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atasonkhana m'matauni akuluakulu. Masitolo amene anasiya anatsala m'manja mwa Amalawi, amene ankapikula katundu ku Chipiku ndipo anayenera kuphunzira okha kuwerengera phindu la pa sopo, mchere ndi palafini. Miyezo nayonso inasintha: paundi ya pa sikelo inalowedwa m'malo ndi kilogalamu, ndipo thumba la mapaundi 200 linayamba kutchedwa la makilogalamu 90. Kuyambira 1987 anthu wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ntchito imene kale inali ya ADMARC, ndipo kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, nayamba kugulitsa ku okushoni ya ku Kanengo kupyolera m'makalabu. Mlembi wa kalabu anayenera kutenga mtengo wotchulidwa m'madola, kuusandutsa makwacha, kuchotsapo ngongole ya feteleza, mtengo wa ziguduli ndi wa galimoto, n'kugawa chotsalacho kwa mamembala, aliyense monga mwa makilogalamu ake. Ntchito yotere ndiyo inafufuta mabatani.

Chimene malembo ankachita

Ubwino waukulu wa makina amenewa pa msika unali wakuti anthu awiri ankatha kuwaona pamodzi. Buku la kalaliki linali la mmodzi, koma kakyuleta ankaikidwa pa thumba, wogula n'kumadinda, wogulitsa n'kumatsata chala ndi maso: makilogalamu akuti, chizindikiro chochulukitsa, mtengo wakuti, yankho ilo. Ngakhale munthu wolekeza sukulu m'makalasi oyamba amadziwa 7 ndi 4. Koma malembo akafufutika, mwini makina amapitiriza ntchito bwinobwino pakuti zala zake zinaloweza njira, pamene mnzake uja wabwerera mumdima wa masiku a mashileni. Makinawo akali kunena zoona, koma mboni yachiwiri yachotsedwa pa bwalo.

Pa makina a pa tebulo pali timabatani totsetsereka timene malembo ake ndi ofunika koposa. Kamodzi kali ndi F, 4, 2, 0 ndi zotere, ndipo kamalamula kuchuluka kwa manambala otsatira kadontho. Kena kali ndi UP, 5/4 ndi CUT, ndipo kamalamula ngati chotsalira chikwezedwe kapena chidulidwe. Mutaika koyambako pa 0 ndi kachiwiriko pa CUT, K3.48 ya mlimi uja ituluka ngati K3, ndipo 48 tambala yapita popanda wina kuba ndi dzanja. M'masiku amene tambala inkagula kanthu, kadontho kameneko kanali ndiwo za banja.

Malembo a kumsana ali ndi ntchito ina. Amatchula kampani, mtundu wa makinawo, nambala yake, dziko limene anapangidwa ndi mphamvu ya magetsi imene amafuna. Magetsi a m'nyumba kuno ndi mavoti 230, pamene ku Japan ndi 100 ndipo ku America ndi 120, ndiye makina opangidwira maiko amenewo amapsa akalumikizidwa kuno popanda chochepetsera. Pambali pa kabowo kolowetsapo chingwe pamakhalanso kachithunzi kosonyeza mbali ya + ndi ya −, ndipo makampani sanagwirizane pa chimenechi. Kachitsulo kameneko ndi chitupa cha makinawo. Kakatayika, chaka chake ndi kwawo zatayika nako.

Kubwezeretsa malembo

Tsono amene ali ndi makina otere, ndipo afuna kuwasunga, achite chiyani? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi ya munthu wodekha. Choyamba, chotsani mabatire akale, chifukwa madzi amene amatuluka m'menemo amadya zitsulo ndi malembo omwe. Chachiwiri, musanakhudze kanthu, jambulani makinawo kumaso ndi kumsana, ndipo lembani m'kope chilembo chilichonse chimene chikali kuoneka, ngakhale theka lake. Mukawapendeketsa pa dzuwa la m'mawa, kapena kuwaunika ndi tochi cham'mbali, nthawi zambiri mthunzi wa chilembo chofufutika umaonekera.

Potsuka, kansalu kofewa konyowetsa pang'ono m'madzi a sopo n'kokwanira, ndipo madziwo asalowe m'kati. Petulo, palafini, sipiriti ndi mankhwala osungunulira penti zisayandikire, pakuti zina zimachotsa malembo otsalawo nthawi imodzi ndipo zina zimawononga pulasitiki yemwe. Mukatsuka mudzaona kuti mabatani ali a mitundu itatu. Ena anaumbidwa ndi pulasitiki wa mitundu iwiri, kotero kuti nambala inalowerera mpaka m'kati. Amenewa safufutika, amangobisika ndi litsiro. Ena anagobedwa, m'mphakomo n'kuthiramo penti. Amenewa mungawadzaze ndi kadontho ka penti pa nsonga ya kamtengo kosongola, n'kupukuta wapamwambayo asanaume. Ovuta ndi achitatu, amene anangodindidwa pamwamba. Pa amenewa ndi bwino kulemba nambala pa kapepala kopyapyala kapena kuisindikiza pa kompyuta, n'kumata ndi guluu wochoka ndi madzi, kuti wodziwa bwino akadzabwera m'tsogolo adzathe kuchotsa popanda kuwononga. Kulemba ndi msomali wamoto, monga ena amachitira, ndi chilonda chosapola.

Lamulo lalikulu ndi ili: musalembe chimene simukuchidziwa. Pa foni manambala 1, 2, 3 ali pamwamba, koma pa makina owerengera pamwamba pali 7, 8, 9, dongosolo lochokera ku makina ophatikizira a David Sundstrand a chaka cha 1914. Wotengera pa foni adzatembenuza manambala onse kupatula mzere wapakati ndi 0. Ngati makinawo akuyaka, iwo eni adzakuuzani: dindani batani, muone chimene chatuluka pa galasi, ndipo yesani masamu amene yankho lake mukulidziwa kale. Muchenjere ndi makina a zaka zoyambirira, chifukwa ambiri analibe batani la = palokha; anali ndi limodzi la += ndi lina la −=, kawirikawiri lofiira, ndipo kachotseredwe kake n'kosiyana ndi ka lero. Musasokonezenso CE, amene amafufuta nambala yomaliza yokha, ndi AC, amene amafufuta ntchito yonse, kapena M+ ndi M−, osungira ndi ochotsera m'nkhokwe ya makinawo. Pamene mwakaika, funani makina ena a mtundu womwewo muonerepo, kapena funsani kalaliki wakale amene anagwirapo. Safunsa anadya phula.

Kachitsulo kapena kapepala ka kumsana musakachotse, ngakhale katang'ambika. Kamateni pomwepo, ndipo zimene mwawerengapo muzilembe pa khadi lapadera losungidwa pamodzi ndi makinawo. Nambala yake ikasowa, siyani mpata. Nambala yopeka ndi bodza limene lidzasokeretsa ofufuza mbiri. Ndipo ngati pali dzina la sitolo, la kalabu kapena la sukulu lolembedwa ndi penti, kapena nambala ya katundu wa ofesi, chimenecho si litsiro ayi. Makina a mtundu womwewo anapangidwa zikwi zambiri, koma olembedwa dzina la kalabu ya alimi a kwa Kalumo kapena kwa Msakambewa ndi amodzi okha pa dziko lonse. Pa khadi lija lembaninso amene anawagula, chaka chake, sitolo yake, mtengo wake ndi ntchito imene anagwira, pamene okumbukira akali ndi moyo.

Makina ambiri a m'thumba anali ndi malo a manambala 8. Mukapatula awiri a tambala, ankafika pa K999,999.99, ndalama imene mlimi wa mu 1975 sakanailota n'komwe. Mtengo wa kwacha unamasulidwa mu 1994, pepala la K1,000 linatuluka mu 2012, la K2,000 mu 2016 ndi la K5,000 mu 2022, ndipo tambala anasowa m'misika. Mwana wobadwa m'zaka zimenezi sangamvetse chifukwa chimene agogo ake ankakanganira kadontho, pokhapokha atagwira makinawo, kuwerenga malembo ake ndi kudinda yekha 87 kuchulukitsa ndi 4. Zikalata za boma zili ndi kwawo ku National Archives ku Zomba, ndipo zida zakale zili ndi kwawo ku nyumba ya chionetsero ya pa Chichiri ku Blantyre, koma mbiri ya msika wa pa Malomo kapena golosale ya pa Madisi ili m'madilowa a eni ake, ndipo ikatayidwa kudzala palibe ofesi imene idzaibweze.

Choncho inu aphunzitsi a mbiri ndi a masamu m'sukulu za ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndi inu nonse a m'maboma ena, tumani ana akafunse kwa agogo awo. Akapeza makinawo awabweretse m'kalasi pamodzi ndi mwini wake, kuti iye afotokoze batani lililonse ndi pakamwa pake, ana n'kumalemba.